Tsiku limene anandivula sokosi

Tsiku limenelo analipo ndi awa: Sisita wamkulu wa nyumba ya okalamba imene tikukhala ku Budiriro, Mai Chipo amene amatisamalira m'mawa, abusa athu, mwana wanga Wiladi ali chivalire ovolosi ya kuntchito kwake ku Southerton, a Zuze a ku Tete amene amatitungira madzi pa wilibala, ndi ine mwini wake Jailosi Phiri, foromani wakale wa pa famu ya fodya. Mulungu nayenso analipo, kungoti ine ndinamuona mochedwa. Moni nonse abale anga mwa Ambuye. Ndikuuzeni za mwendo wanga wakumanzere, umene unatsala pang'ono kudulidwa chifukwa cha nkhani ya kusamba.

Nditadwala sitiroko dzanja limodzi linafa. Wiladi amakhala chipinda chimodzi ndi mkazi ndi ana, ndiye a mpingo anandipezera malo kuno. Aliyense ali ndi kachipinda kake, chakudya amatipatsa, mankhwala a shuga amatipatsa. Vuto linali limodzi: osambitsa onse ndi azimayi.

Inu abale, Mai Chipo ndi msinkhu wa mpongozi wanga. Mpongozi ine sindidya naye mbale imodzi, ndiye andione thupi? Kwathu kulibe zimenezo. Atabwera ndi beseni tsiku loyamba ndinakuwa, "Tulukani!" Mawu anga ndi aja ankadzutsa komboni yonse pa famu. Anathawa mayi uja. Kuyambira apo ankangosiya beseni pakhomo, n'kunena kuti, "Sekuru akana," ndiye kuti agogo akana m'Chishona, n'kupita chipinda china. Zipinda n'zambiri, iwo ndi ochepa, madzi a pampopi satuluka. Sindiwada ayi. Koma miyezi inatha popanda wondifunsa kuti a Phiri mukukaniranji. Inenso sindinanene. Foromani afotokoze za maliseche ake kwa ana?

Dzanja limodzi limafika kumaso ndi pachifuwa. Kuphazi silifika. Pansi pa chala panatuluka kachilonda, sokosi inamatirira pomwepo, ine n'kuvala nsapato pamwamba. Fungo litayamba ndinkatsegula windo. Anzanga a bawo anayamba kukhala patali, wina akuti chimfine, wina akuti dzuwa. Ndinatsala ndekha pa benchi, munthu amene anthu ankandivulira chipewa. Ndinalira, ndikuvomera.

Ndinapemphera kuti, Ambuye, poletsani phazili munthu asalione. Pemphero limenelo Mulungu analikana. Phazi linatupa mpaka nsapato inakana kulowa. Ndiye ndinapempheranso kuti, chabwino Atate, tumizani munthu, koma akhale mwamuna.

Anatumiza a Zuze. Munthu amene ine ndinkamutcha Wawilibala, dzina lake osalifunsa! M'mawa wina analowa ndi ndowa, ananunkhiza, n'kuti, "A Phiri, muno mwafera khoswe kapena ndinuyo?" Ndinakuwa ngati kale. Iwo osathawa. Anatseka chitseko, anakhala pa ndowa, n'kundiuza kuti nthawi ya nkhondo, ku msasa wa othawa kwawo, ankasambitsa bambo awo mpaka tsiku lowaika. "Nawonso ankathamangitsa manesi," anatero. "Matenda anu ndikuwadziwa."

A Zuze anakauza Sisita, Sisita anaimbira Wiladi ndi abusa. Ndi mmene tinakumanirana tonse m'kachipinda kanga. Sisita anayamba kunena kuti mkuluyu ndi wovuta, amakana chithandizo. A Zuze anayankha kuti, "Amayi, mkuluyu sakana madzi. Akukana maso a mkazi." Mai Chipo anagwira pakamwa.

Azimayi anatuluka. A Zuze anaviika phazi langa m'madzi ofunda a mchere, n'kumasenda sokosi ija pang'onopang'ono ngati akusenda mbatata yophika. Abusa ankaimba nyimbo, Wiladi anayang'ana kukhoma. A Zuze atandisambitsa thupi lonse anandifunditsa bulangete, n'kusiya phazi lokha panja, Sisita n'kulowa kudzaona. Anati tikadachedwa pang'ono akadadula m'bondo. Tsiku lomwelo ndinapita kuchipatala. Anachotsa chala chimodzi basi. Mwendo ulipo, ndi uwu ndikupondera!

Mvetserani zodabwitsa. Sisita atayenda kufunsa m'zipinda, anapeza madala ena nawonso akubisa thupi ngati ine. Lero a Zuze amasambitsa amuna Lachiwiri ndi Lachisanu. Mai Chipo anabwera kudzapepesa. Ine ndinati wopepesa ndine, mwanangu, ndinakukalipira ulibe mlandu. Tsopano munthu akakana kanthu otisamalira amayamba akhala pansi n'kufunsa chifukwa.

Ndikuthokoza Yehova amene anamva pemphero la munthu wouma mutu. Inu muli ndi makolo m'nyumba zoterezi, musamangosiya shuga ndi buledi n'kupita. Avuleni nsapato muone. Ndipo inu madala anzanga musataye mtima, mthandizi wanu mwina akukankha wilibala pakhomo panu pomwepo.

Potuluka m'chipatala Wiladi anandigwira mkono mpaka pokwerera kombi. Chichewa chake n'chopindika, anakulira m'Chishona, koma anayesetsa. Anati, "Baba, mawu anu amamveka mpaka ku Msasa, mbali ina ya tauni, koma chimene chinkakupwetekani simunanene ngakhale monong'ona. A Zuze ali ndi masiku awo awiri. Loweruka ndi langa. Ndibwera ndi sopo."