Makala Amene Anawayesa Wonga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Tsiku limene ndinatsala pang'ono kutsekeredwa kunali mvula yamawawa, madontho akulira pamalata, nkhungu itaphimba dera lathu lonse la Chiputula.

Ndinkathandiza mu labotale ya sukulu ina ya sekondale. Aphunzitsi a sayansi anandiphunzitsa kukonza makala apadera. Tinkawasinja, kuwatsuka ndi asidi, kenako kuwaviika m'madzi a mankhwala a mkuwa. Makala ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo asidiyo amachititsa kuti timabowoto tigwire tizidutswa ta mkuwa, tomwe timafulumizitsa mankhwala ena kusintha. Uvuni wa kusukulu utawonongeka, ndinayamba kuyanika ufa wakudawo kunyumba, pafupi ndi mbaula.

Chimwalirireni mayi a kunyumba ndinali munthu wosayankhulayankhula, ndipo anansi anga ankandidabwa. Ataona ufa wakuda ndi mabotolo, anakumbukira kuti alenje amapanga wonga ndi makala. Anakandinenera kwa tcheyamani wa chipani kuti ndikukonzekera kuukira boma.

M'mawa umenewo achinyamata a chipani ananditenga pamodzi ndi thireyi imene ndinkayanikapo ufawo. Masiku amenewo a chipani chimodzi munthu wopita ndi mlandu wotere sankabwerako msanga. Aphunzitsi aja, amene akanandichitira umboni, anali ku Zomba kukachonga mayeso, ndipo ana anga aakazi awiri analibe wina wowasamala. Nditakhala pakhonde la tcheyamani, ndinafotokoza za timabowo ndi mkuwa, koma aliyense anangoti ndikuzemba. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye asalole anawo kukhala amasiye kawiri.

Yankho linabwera pa njinga. A Che Saidi, Msilamu wogulitsa nsalu amene tinkangopatsana moni pamsika, anaima kuti ausepo mvula. Atamva nkhaniyo anati kwawo ku Mangochi anakula akupangira bambo awo wonga wa mfuti ya gogodela. Ananunkhiza ufawo, napempha mbaula, ndipo anthu onse anathawira kuseri kwa nyumba, tcheyamani ali patsogolo. A Che Saidi anawaza pambaulapo ufa wodzaza dzanja. Moto unangofooka, n'kutsala pang'ono kuzima.

"Achimwene, wonga uwu sungaphe ngakhale nkhuku," anatero. "Mukanakhala mlenje, banja lanu likanagona ndi njala."

Tcheyamani anabwerako akupukuta matope pa buluku, naseka mpaka kutsokomola. Anandithokoza m'Chitumbuka nati, "Adada, yewo chomene, pitani. Koma makala anuwo muziyanikira kusukulu."

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu yemwe sindikanamuganizira. Inu amene mwapanikizika lero, musaleke kupemphera. Thandizo silidzera njira imene mukuyang'anayo.

Lamlungu lotsatira anansi aja anakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, akuyang'ana pansi. Sindikuwaweruza, pakuti nthawi imeneyo mantha anali m'nyumba iliyonse, ndipo wosanena zimene waona nayenso ankatengedwa. Ndinawakhululukira.