Anandigunda alibe inshuwalansi, n'kundibweretsera nkhuku

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kuno ku Glasgow ndi akumudzi komwe. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti ndinasowera kuti, ndipo ena munaimva kale nkhaniyi koma itathiridwa mchere wambiri. Lero muimve kuchokera kwa mwini wake. Galimoto yanga inagundidwa ndi munthu wopanda inshuwalansi, ntchito inatsala pang'ono kundithera, koma Mulungu sanandisiye. Ndinenerenso kuti mtima wanga sunayere bwinobwino pa nkhaniyi.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. M'mawa ndimakasambitsa wina ku Shawlands, ndikachoka apo ndikapatse wina mankhwala ku Govanhill, kenako ndiwoloke mtsinje kupita mbali ina ya mzinda. Popanda galimoto sizitheka, chifukwa munthu wodikira mankhwala sungamuuze kuti basi inachedwa. Komanso viza yanga inamangidwa ku ntchito imeneyi. Ntchito ikatha, nanenso ndiye kuti ndizilongedza.

Nditagula kagalimoto kanga kakale ndinavutika kusankha inshuwalansi. Panali yotchipa, imene imangolipira munthu amene iweyo wamugunda. Panalinso ina yokwererako mtengo, imene imakukonzera yako yomwe, ngakhale wokugundayo atakhala kuti alibe inshuwalansi. Ine mtima unali pa yachiwiriyi. Koma poti safunsa anadya phula, ndinapita kwa bambo Chikopa, mkulu wa mpingo wathu amene wakhala kuno zaka zambiri ndipo ndi amene amatitsogolera nyimbo. Anandiseka mpaka kupukuta misozi.

"Achemwali, kuno si ku Lilongwe ayi. Kuno aliyense ali ndi inshuwalansi, makamera ali ponseponse. Tengani yotchipayo, zotsalazo muzitumiza kumudzi. Inshuwalansi yathu yeniyeni ndi Yesu."

Ndinati ameni, n'kutenga yotchipayo.

Lamulungu lina masana titaweruka ku mapemphero, ndinatsalira muholo imene timachita lendi ndikutsuka makapu. Ndinangomva phokoso lalikulu panja, anthu n'kuyamba kukuwa. Potuluka ndinapeza galimoto yanga itakanikizidwa pa mzati wa magetsi, tayala lakumbuyo litapindikira m'kati, magalasi ali mbwee pamsewu. Yoigundayo inali vani yoyera yonyamulira katundu, ndipo amene ankatsikamo, foni ikadali m'manja, anali bambo Chikopa.

Sindinakwiye poyamba, ngozi siona nkhope. Ndinangoti tiimbire kampani yawo ya inshuwalansi. Iwo anandikokera pambali, mawu atatsitsa.

"Achemwali, tisathamange, tikambirane ngati abale. Ma payment anga anadumpha pang'ono ndiye akampani anaikansela inshuwalansiyo. Koma ndimati ndiikonze week yomwe ino."

Abale, ndinamva ngati ndaponda zonyansa za galu ndi phazi lopanda nsapato. Munthu yemweyo amene anandiseka, amene anatchula dzina la Yesu pondiletsa kudziteteza, ndiye ankayenda mumsewu wopanda kanthu. Ndipo si "pang'ono" monga ananenera, pambuyo pake zinadziwika kuti inali miyezi.

Makaniko ataiona galimotoyo anangopukusa mutu, anati kuikonza n'kutaya nthawi. Kampani yanga inandiyankha mwaulemu kuti inshuwalansi imene ndinasankha siikhudza galimoto yanga. Abwana kuntchito anandimvera chisoni, koma anati mwezi ukatha ndilibe galimoto, okalamba anga apatsidwa kwa wina, ndipo ntchito ina yondipatsa analibe.

M'sabata yomweyo kunyumba kwanga kunabwera alendo: bambo Chikopa, akazi awo, ndi akulu ampingo awiri. Tinapemphera, tinaimba. Mkulu wina anandikumbutsa kuti si bwino ana a Mulungu kukokerana kwa anthu akunja, ndipo apolisi akalowererapo m'bale wathu alandidwa vani, ana ake agona ndi njala. Kenako mayi Chikopa anagwada n'kuika jumbo pamapazi panga. M'katimo munali nkhuku yolimba ija ya mufiriji imene timagula m'mashopu a zakudya za kwathu, kapepala ka mtengo kakadali pomwepo. Anati ndi chipepeso.

Inu a kwathu mukudziwa tanthauzo lake. Ukalandira nkhuku ya chipepeso n'kuidya, mlandu watha, ukadzautchulanso woipa ndiwe. Za galimoto bambo Chikopa anangoti, "Ndiziponya ndalama pang'onopang'ono, Mulungu akatsegula makomo." Za ntchito yanga, za viza yanga, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa. Ndinkafuna kulavula, koma pakamwa panga panatuluka "zikomo," chifukwa ndi mmene tinaleredwera pamaso pa akuluakulu. Atapita ndinaiponya nkhukuyo mufiriji.

Masiku otsatirawo anali owawa. Ndinayesa kuyenda pa basi ndi pa sitima, kuthamanga mumvula ndi chikwama cha ntchito, koma paliponse ndinkafika mochedwa. Tsiku lina ndinapeza bambo wina wokalamba amene ndimamusamalira atadzinyowetsa pampando chifukwa chondidikira. Munthu wamkulu, akulira ndi manyazi, n'kumandipepesa ineyo. Ndinamusambitsa, ndinamuveka, kenako ndinalowa m'bafa mwake n'kulira inenso. Kupemphera kunandikanika, mapemphero anga anali ongodandaula. Ndinkati, Ambuye, ngati awa ndiwo anthu anu, ine ndilibe mawu. Ndikatsegula firiji n'kuona nkhuku ija miyendo ili m'mwamba, njala inkangothera pomwepo. Kuitaya ndinkaopa, kuiphika mtima unkakana.

Mwezi uli pafupi kutha, m'mawa wina ndinamva kugogoda. Anali mayi Chikopa, okhaokha, atavala yunifolomu yawo ya unamwino. Ndinaganiza kuti atumidwa kudzaona ngati ndakhululuka, ndiye moni wanga anali wozizira. Iwo sanakhale n'komwe pansi.

"Asisi, nkhuku ija mwaphika?"

Ndinati ayi.

"Mulungu alemekezeke. Ndipatseni, imeneyo si yanu."

Anaiika m'chikwama mwawo, ndipo apo m'pamene anakhala n'kuyamba kufotokoza. Anati iwonso za inshuwalansiyo anazimva tsiku la ngozi lomwelo, ngati mmene ndinazimvera ine. Miyezi yonseyo ana awo ankakwera vani imeneyo popita kusukulu. Anati chigwadireni pamaso panga sanapeze mtendere, chifukwa ankadziwa kuti akundigwadira kuti nditseke pakamwa. Kenako anatulutsa kiyi wa galimoto yawoyawo yaing'ono n'kuika patebulo. Anali ataimbira kale kampani yawo n'kundilembetsa kuti ndiziyendetsa mwalamulo, ngakhale pa ntchito. Iwo anati kuchipatala aziyenda pa sitima.

Sanalekere pomwepo. Anandiuza kuti m'dziko muno muli bungwe limene limathandiza anthu ogundidwa ndi madalaivala opanda inshuwalansi, koma nkhaniyo iyenera kudziwika ku polisi. Anati ndivale jekete tipite. Ndinawafunsa kuti, nanga banja lanu, amayi? Anandiyang'ana maso ali ofiira.

"Banja langa silingaime pa viza yanu, asisi. Tiyeni."

Anandiperekeza okha, ndipo pofotokoza sanabise dzina la amuna awo.

Ntchito yanga inapulumuka choncho. M'mawa mwake ndinafika kwa bambo wokalamba uja nthawi yake, ndinamupeza akumwetulira pawindo. Za bungwe lija zinatenga miyezi, mafoni ndi mafunso osatha, koma mapeto ake thandizo linabwera ndipo ndinagula kagalimoto kena. Ulendo uno sindinafunse mkulu wa mpingo aliyense. Ndinafunsa kampani iliyonse ya inshuwalansi funso limodzi, kuti wondigunda akakhala wopanda inshuwalansi mudzandichitira chiyani, ndipo ndinatenga imene inandiyankha zomveka. Imaluma m'thumba mwezi ndi mwezi, sindikana, koma ndimayendetsa mtima uli m'malo. Inu amene mwangofika kumene, makamaka amene ntchito yanu ili pa matayala, ganizani bwino musanathamangire yotchipa. Munthu wopanda inshuwalansi salembedwa pamphumi, akhoza kukhala amene mumadya naye mgonero. Kudziteteza si kuchepa chikhulupiriro.

Chimene chikundinyansa mpaka lero si galimoto ayi. Bambo Chikopa boma linawalanga monga mwa lamulo, koma Lamulungu lililonse amaima kutsogolo, manja m'mwamba, anthu n'kumawapepesa pa mayesero amene adutsamo. Amene wasanduka woipa ndi mkazi wawo. Amayi ena sakuwapatsanso moni, anawachotsa m'gulu lophika pa zisangalalo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa wina akuti ndi mkazi wogulitsa mwamuna wake. Munthu amene anachita chilungamo yekhayo ndiye akukhala pa mpando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko pamene pamalowa mphepo. Inenso ndinasamukira komweko, timakhala awiri.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva ngakhale mapemphero anga okalipa aja. Ine ndinkayang'ana kwa akuluakulu, koma Iye anatulutsa thandizo m'nyumba imene ndinalumbira kuti sindidzapondamo. Iwe amene wapanikizika lero, amene akukuuza kuti ukhale chete kuti mtendere ukhalepo, usafooke ndipo usasiye kupemphera, ngakhale mawu ake atuluke owawa. Koma pempho langa lalikulu ndi ili: mukagwada, muwakumbukire mayi Chikopa. Ine mayesero anga anatha, awo akadali pakati, ndipo anawalowa chifukwa cha ine.