Kuseri kwa Nambala ya Bambo Chawe

Abusa ndi amayi busa, akuluakulu a mpingo amene mwatibwereka holo ino, bwana wathu mayi Fiona, mayi Nellie Chawe ndi ana, anzanga a kuntchito, ndi nonse amene mwachokera ku Telford, ku Tipton ndi konkuno ku West Bromwich, landirani moni wanga. Inu bambo Ellard Chawe, eni tsikuli, khalani pansi. Ndati khalani. Lero sawasha tichita ndife.

Mayi Fiona, pepani, ndilankhula Chichewa. Zoe, mwana wa bambo Chawe, ali pambali panupo kuti azimasulira. Zoe, umasulire zonse, usadumphe zochititsa manyazi bambo ako. Mwamumva? Ndamuuza m'Chichewa, wayankha kuti "Yes, auntie." Ana athu amenewo.

Kwa amene simundidziwa, ndine Mwayiwathu. Ndinabwera kuno kudzaphunzira. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, bambo awa anandifunsa ngati ndikufuna kaganyu ka pa weekend. Anati kumalo kwawo, m'mbali mwa ngalande ku Tipton, amapanga ma number plate a galimoto. Ndinati ndigwirako miyezi itatu. Papita zaka khumi ndi zinayi, ndikadali pomwepo. Wallace uyo anamutola chimodzimodzi. Kondwelani chimodzimodzi. Kampani ya mayi Fiona inasanduka Limbe yaing'ono chifukwa cha munthu mmodzi.

Iwo agwirapo zaka makumi awiri ndi chimodzi. Koma musaone imvizi n'kuganiza kuti anabadwa akudziwa ntchito. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti plate yoyera imakhala kutsogolo, yachikasu kumbuyo. Sabata yawo yoyamba, bambo Chawe anayang'ana yachikasu n'kuona kuti ndi yokongola. Chokongola n'kuchibisa kumbuyo? Anakana. Anamangirira zachikasu kutsogolo pa galimoto zisanu ndi imodzi. Eni ake anali kampani yonyamula maliro. M'mawa mwake galimotozo zinabwerera zonse, zakuda bii, mondondozana, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chawo. Bambo Chawe atasuzumira pawindo anagwira pamtima, kuganiza kuti zabwera kudzatenga iwo.

Nanga za sawasha, ndani sazidziwa? Plate ikatuluka pa makina, amaipukuta, kuiimika patebulo, kubwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kuichitira sawasha. Kasitomala wina anafunsa kuti anali msilikali wa gulu liti. Ndiulule kodi, bambo? Ndiulula. Sanalowepo usilikali. Ali mnyamata anapita ku Zomba kukalembetsa. Anathamanga, anapambana. Anadumpha, anapambana. Pofika poyeza msinkhu, anaperewera ndi chala chimodzi. Chaka chotsatira anapitanso, ataika nyuzipepala m'nsapato. Anauzidwa kuti avule nsapato.

Sekani ndithu. Nawonso akuseka. Koma usilikali umene anawakana ku Zomba uja anabwera nawo kuno mumtima, chifukwa unali wa bambo awo. Malemu Laison Chawe anamenya nkhondo ku Burma, m'gulu la asilikali la KAR. Analandira mendulo ya kulimba mtima atawolotsa mnzawo wovulala pamtsinje, zipolopolo zikugwa. Nkhani imeneyi ndaimva kosawerengeka. Mtsinjewo chaka chilichonse umakulirakulira.

Nthawi ya lunch bambo Chawe sadyera mkati. Kuzizire, kugwe mvula, amatenga flask yawo n'kukakhala pa benchi ya m'mbali mwa ngalande. Ine ndinkawatsatira. Amayang'ana madzi aja, osayenda, obiriwira, maso n'kupita kutali. Kenako amayamba. "Mwayi, tangoganiza. Dziko limene msilikali wa mendulo ali ndi plate yakeyake. Mendulo yajambulidwa pamenepo, aliyense akuiona. Akamwalira, plate itsala ndi mkazi wake, kenako ana. Galimoto ikamadutsa, anthu pa bus stop akuvula zipewa. Ana akufunsa kuti ameneyu anachita chiyani, akulu n'kuwafotokozera." Ankatha kuyendetsa galimoto imeneyo m'maloto kuchokera ku Tipton, kudutsa Birmingham, kuwoloka nyanja osanyowa, mpaka kukaima pa bwalo la perete ku Zomba, pomwe anawavula nsapato paja. Tiyi amazizira m'kapu. Ine ndimachita kuwakumbutsa kuti bwana, nthawi yakwana.

Sanangolota ayi. Analemba makalata kumaofesi, chaka ndi chaka. Mayankho amabwera aulemu kwambiri, a pepala losalala. Tonse tikudziwa tanthauzo la pepala losalala.

Ndiye tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire wa konkuno ku West Bromwich, dzina lake Ann. Amuna awo anali msilikali, anali atangomwalira kumene. Plate ya galimoto imene anawasiyira inali itasweka. Anatulutsa mendulo m'kachikwama, n'kupempha kuti pa plate yatsopanoyo tijambulepo chithunzi chake, ngakhale chaching'ono, pakona. Mayi Fiona anawafotokozera bwinobwino kuti malamulo salola, ndipo sanalakwe. Mayi aja sanakangane. Anangobweza mendulo m'kachikwama. Ine ndinayang'ana pansi.

Bambo Chawe anatenga plate ija, yatsopano, n'kuitembenuza. Anati, "Mayi, lamulo limayang'ana kutsogolo kwa plate. Kuseri kuno kulibe wapolisi." Anatulutsa cholembera chawo chakuda chija, chosafufutika, chimene sabwereka munthu. Anafunsa dzina la malemu, nambala yawo ya usilikali, ndi dzina la mendulo. Analemba mizere itatu, ndi dzanja lija la ana a sukulu za mishoni. Anakaimangirira okha pa galimoto, zolembazo zitayang'ana mkati. Atatero anabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Tsiku limenelo palibe anaseka sawasha yawo. Mayi aja analira, inenso ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Mbiri inayenda. Anayamba kubwera ena. Madoda oyenda ndi ndodo. Anyamata obwera kunkhondo za posachedwapa, ena opanda mwendo. Amasiye, ana, zidzukulu. Wina anachokera ku Telford ndi plate yabwinobwino, yopanda ndi mng'alu womwe, kungofuna kuti alembedwe agogo ake. Amalowa n'kunong'ona kuti akufuna bambo wolemba kuseri uja. Mayi Fiona ankaona zonsezi n'kumayang'ana kumbali. Zikomo, mayi.

Ine masiku ano ndikatsekeredwa mu traffic pa msewu waukulu wa M6, sindikwiyanso ngati kale. Ndimayang'ana galimoto zandandana kutsogolo kwangazo n'kumaganiza kuti mwa izi, ndi iti yanyamula msilikali. Mwina iyo yofiirayo. Mwina van ya ma parcel iyo. Ndimawaona m'maganizo, gulu lonse, mayina atabisala kuseri kwa manambala, akuguba pang'onopang'ono kulowera ku Wolverhampton, mvula ikuwaza. Perete imene bambo Chawe ankailota pa benchi ija ilipo. Ikuyenda tsiku ndi tsiku. Kungoti oidziwa ndife ochepa.

Koma pali galimoto imodzi imene kuseri kwake kunakhala kopanda kanthu zaka zonsezi. Yawo yomwe. Nambala ya usilikali ya bambo awo sankaidziwa. Maofesi osunga mbiri akawafunsa, amayamba ndi kufunsa nambala yomweyo. Nambalayo inali yozokotedwa m'mphepete mwa mendulo, ndipo mendulo inapita. Bambo Laison atamwalira, katundu anatengedwa ndi ana a mlongo wawo, monga mwa mwambo wa kwawo ku Chiradzulu. Sutikesi inapita, mendulo ili momwemo. Panagwa mawu pamaliro paja, ndipo kuyambira pamenepo bambo Chawe ndi asuweni awo sanalankhulanenso. Ndinkawauza kuti bambo, lembani dzina lokha basi. Amakana. Amati msilikali wopanda nambala ndi munthu wamba.

Mwezi watha tili pa benchi paja, anandiuza mawu amene anandisowetsa mtendere. Anati, "Mwayi, maso atha, dzanja layamba kunjenjemera. Ndalemba abambo a eni ake onsewa. Ndikupuma ndisanalembe anga." Ananena akuseka, koma tiyi sanamwe.

Ndinapita kwa mayi Nellie. Inu mukuwadziwa mayiwa. Munthu amene wagwira unamwino zaka zonsezi ku Telford saopa nkhope ya munthu. Anafufuza foni ya msuweni wamkazi wa bambo Chawe amene watsala ku Chiradzulu, n'kuimba. Mukudziwa chimene msuweniyo anayankha? Anati, "Mendulo ya amalume? Ili m'chitini cha mabatani. Bwanji Ellard sanafunse?" Zaka makumi anayi ndi zisanu, bambo. Bwanji simunafunse?

Mayi Nellie anapempha kuti atijambulire menduloyo. Chithunzi choyamba chinabwera pa WhatsApp, chinali cha chala. Chachiwiri, cha nkhuku ikudutsa. Chachitatu mendulo inaoneka, koma yakuda ndi litsiro. Mayi aja anaikwecha ndi phulusa ndi ndimu, n'kupita nayo padzuwa. Chachinayi chinabwera Lolemba lapitali. Dzina, udindo wa ukopolo, nambala, zonse mbee. Anatumizanso uthenga woti mukabwera kumudzi mukaitenge, ndipo mukadye kwawo.

Khalani pomwepo, bambo. Dikirani, sindinathe.

Mukukumbuka Lachiwiri, mayi Fiona atakuitanirani mu office n'kukusungani ola lathunthu ndi nkhani zopanda mutu? Nthawi imeneyo Wallace anali panja, akumasula plate yakumbuyo ya galimoto yanu. Kondwelani amalondera pakhomo. Ine ndinalemba za bambo anu kuseri kwa plate ija. Poweruka munaima n'kunena kuti sikuluwu imodzi yapendekeka, wina wakhudza galimoto yanu. Tonse tinakana. Tinanama, abusa, mutikhululukire.

Ndiye kuti kuyambira Lachiwiri mwakhala mukuyenda ndi bambo anu. Mwapita nawo kuntchito. Mwakagula nawo ufa ku shop ya ku Smethwick. Lero mwabwera nawo kuno, mayi Nellie ali pambali, akudziwa chinsinsi chonse. Pano bambo anuwo ali panjapo, pa car park, akudikira.

Koma ndinalemba ndi pensulo yokha, mopepuka. Sindikanayerekeza. Dzanja loyenera kulemba mizere itatu ija ndi lanu, linjenjemere lisanjenjemere.

Bambo Chawe, zikomo. Zikomo chifukwa chotitola patchalitchi tili osowa kolowera. Zikomo potiphunzitsa kuti ngakhale kachipulasitiki ka manambala kamafuna ulemu. Kapumeni. Kagoneni mpaka dzuwa litakwera, ngati lingatuluke n'komwe kuno. Kakhaleni pa benchi popanda wokuuzani kuti yakwana. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi mayi Nellie, ndipo ku Chiradzulu mupiteko, chakudya chija chisazizire.

Mphatso yathu ndi iyi. Musayembekezere wotchi. Ndi screwdriver, ndi cholembera chanu chakuda chija, chimene mwakhala mukuchifunafuna kuyambira dzulo. Ndinaba ndine.

Simunapumebe, bambo. Kwatsala plate imodzi. Zoe, gwira bambo ako dzanja, uwaperekeze panja. Ife tonse tiimirire, tiwatsegulire njira. Amene mumatha sawasha, chitani. Enafe tiombe m'manja, mwamphamvu, mpaka a Kopolo Laison Chawe amve ali ku car park.