Wotchi ya a Kadontho

Bwana mkulu ochokera ku likulu, a manijala athu, a Kadontho amene mukupuma ntchito lero, mayi a kunyumba kwanu, ana ndi zidzukulu, anzanga nonse a mu shopu yogula golide ino, ndakulonjerani.

Kalata ya ku likulu yanena momveka: "Pothokoza ntchito ya zaka 36, kampani ikupereka wotchi ya golide weniweni." Dzulo a manijala anandipatsa wotchiyo kuti ndiiyese, ndisayine chikalata chake, poti Lolemba ndine ndikukhala pampando wa a Kadontho. Ntchito yanga yoyamba ndi imeneyo. Chikalatacho chili m'thumbamu. Tifikako.

A Kadontho, zidzukulu zikudziwa kumene dzinali linachokera? Munthu amabwera ndi mphete, akulumbira kuti ndi ya golide, anamusiyira ndi agogo ake. Inu mumangoti, "Dikirani kadontho." Kukhula pamwala, kudonthezapo asidi, basi nkhani yatha. Agogo ambiri apezeka abodza patebulo ilo.

Koma nanunso munayamba ngati ife. Chaka chanu choyamba, mayi wina wamasiye anabweretsa chibangili chotuwa. Munachigula pa mtengo wa siliva. Kuchiika mu ng'anjo, sichikusungunuka. Kuwonjezera moto, ayi ndithu. Kusuzumiramo, nsidze zonse psiti. Inali pulatinamu, chitsulo chodula kwambiri kuposa siliva. Masiku anayi munazungulira panjinga, opanda nsidze, kufunafuna mayi uja kuti mumupatse mtengo wake weniweni. Munamupeza. Bwana wa nthawiyo anatsala pang'ono kukuchotsani ntchito.

Kuyambira pamenepo pulatinamu inakulowani m'magazi. Mayi ali apawa ndi mboni. Pa ukwati munawaveka mphete yotuwa, achibale n'kumanong'onezana kuti mkamwini wabweretsa waya. Inu amvekere, "Imeneyi imadula kuposa golide." Nthawi imeneyo zinali zoona. Mu 2008 inapitirira madola zikwi ziwiri pa aunsi. Tsiku limenelo munalemba mtengo pa bolodi ndi choko chofiira, n'kutigulira tonse zoziziritsa kukhosi. Inu, a Kadontho, amene tiyi mumamwa wa anzanu. Chaka chisanathe inagwa, osafikanso ndi chikwi chimodzi chomwe. Choko chofiira chija chinasowa. Pano golide anaipitirira kalekale, ndipo ndamva kuti m'mawa uliwonse mayi amafunsa, "Bambo, waya wanga uja wafika pati lero?"

Tikuseka, koma tikudziwa amene tikutsanzikana naye. Zaka zonsezi palibe anatuluka pakhomo ilo ataberedwa, ngakhale amene sankadziwa chimene wanyamula. Ine munandiphunzitsa kuyeza osapumira pa sikelo. Munandiphunzitsanso mawu awa: "Chimene wanena mwala, iwe unene chomwecho, kaya wabweretsa ndani." Zikomo, bambo. Zikomonso mayi, potibwereka munthuyu m'mawa uliwonse n'kumulandira madzulo akununkha asidi.

Kapumeni bwino. Muzidzuka dzuwa litakwera. Mitengo ikwere, itsike, si yanunso. Anzanga, tiyeni tiimirire tonse tiwaombere m'manja. Ombani kwambiri! Ndiombereniko ndi ine, poti mwina Lolemba mpando uja sindiukhala.

Bwana mkulu, chikalata chanu ndi ichi. Sindinasayine. Ndinayesa kawiri, pansi pa lamba pomwe sipaoneka. Wotchiyi ndi ya mkuwa.