Nkhunzi ya ku Nchema Anaifula

Loweruka pa Boma, tikupsa ndi dzuwa m'minibasi ya ku Limbe yosadzaza, mayi wina wa ku Kadewere anayamba kufunsa bambo amene anakhala naye mpando umodzi.

"Bambo, mwati kwanu ndi ku Nchema? Ndinamva kuti kumeneko kuli nkhunzi yabwino. Ng'ombe imene anandisiyira malemu amuna anga yatha zaka ziwiri osabereka."

"Nkhunziyo ndi yanga, mayi, koma ndinaifula."

"Munaifula? Nkhunzi imodzi yokhayo dera lonseli?"

"Kunabwera a kampani ya nyama. Anati kunja safuna nyama ya nkhunzi, njolimba. Akuti ndikaifula inenepa, adzaitenga pa lole."

"Loleyo inabwera?"

"Chaka chatha tsopano. Nditapita ku ofesi kwawo ndinapeza akugulitsamo kaunjika."

"Ndiye munamvera anthu a mataye, ife oweta anzanu osatifunsa? Yangayo ikukalamba, bambo. Ikafa yopanda mwana, ana anga ndiwasiyira ndowe."

"Zanganso zazikazi zitatu zangokhala, mayi."

"Nanga mfule wanuyo wanenepa?"

"Wanenepa kwabasi. Amagona pakati pa zazikazizo n'kumangobzikula."