Basi Ziwiri Zadutsa Kale

Pa siteji ya basi ya pafupi ndi chipatala, mayi wina wochokera kozonda wodwala anasuntha chikwama chake kuti bambo wowonda, yemwe ankatsokomola atakumbatira envelopu yaikulu, apeze pokhala.

"Chifuwa chimenechi munayezetsa TB, bambo?"

"Mankhwala a TB ndinamwa miyezi isanu ndi umodzi, mayi, osadumphitsa. Lero ndiye andiuza kuti ndi khansa ya m'mapapo."

"Pepani kwambiri. Mumasuta?"

"Fodya sindinamulawepo chibadwire. Komatu ndinadziwiratu adokotala asanandiuze. Anabwera ndi ophunzira awo asanu ndi awiri, aliyense kundigogoda pachifuwa ngati akusankha chivwende. Mtsikana wina anamvetsera kumanja kuno nthawi yaitali, kenako anayang'ana chithunzi chili mu envelopumu. Atamufunsa chimene wapeza, anayankha motsitsa mawu, maso ali pa nsapato zake. Adokotala anamuyamikira kuti wakhoza."

"Ndiye akuchitani opaleshoni?"

"Akuti nthendayi yafika kale kuchiwindi. Angondipatsa mankhwala ochepetsa ululu. Koma andipempha kuti ndibwerenso Lachinayi, poti anawo ali ndi mayeso."

"Inu n'kuvomera?"

"Ndavomera. Aphunzirire pa ine, mwina wobwera pambuyo panga adzamupeza nayo msanga."

"Nanga kunyumba akudziwa?"

"Mayi akunyumba akudikira kuti ndikawauze kuti TB yatha. Basi ziwiri zakwathu zadutsa kale, ine ndikungoziyang'ana."