Belu Limene Analetsa Bambo Kamzati

Malemu Bambo Manasseh Kamzati anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Liwaladzi. Sukulu anayambira pa mishoni kuno ku boma, ndipo mu 1974 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Anaphunzitsa ku Benga ndi ku Dwambazi mpaka kupuma pantchito mu 2011.

Mu 1977 anamanga ukwati ndi Mayi Muriel m'tchalitchi chino. Amayi amanena kuti tsiku limenelo mkwati anayang'ana kwambiri denga kuposa mkwatibwi.

Mu 2016 mpingo unawasankha kukhala wapampando wa komiti yosamala nyumbayi. Njerwa zootcha za makolo athu, zipilala ndi mazenera osongoka awa, amazifotokozera alendo ngati anamanga okha. Amene anayesapo kukhoma msomali pakhoma pano akuwadziwa bwino malemu.

Mu 2022 anaona mng'alu pansanja ya belu. Analamula kuti belu lisalirenso kufikira nsanja itakonzedwa, kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro, ngakhale a bishopu. M'malo mwa belu anapachika limu ya tayala la lole pamtengo wa mango kuti tiziimenya. Mabanja ambiri muli pano munadandaula, iwo osatekeseka.

Za matenda tilibe zonena zambiri, chifukwa sanadwale. Lamulungu lapitali anaima pomwe ndaima panopa, kutidzudzula za ana okanda makoma. Atafika kunyumba anapempha madzi akumwa. Pamene amayi amabwera ndi kapu, anapeza atatisiya. Mpaka lero sitikumvetsa. Enafe tinali tisanamalize n'komwe kuwanyinyirika.

Dzulo akomiti anabwera kusiwa kudzapempha kuti belu lilire kamodzi kokha, poti munthuyu anali wamkulu. Ana anavomera. Amayi anakana. Anati amuna awo sangalowe m'manda atagwetsa nsanja, komanso iwo amayi sangathe kuyang'ana m'maso anamfedwa onse amene anamanidwa belu. Choncho chitsulo mwamva m'mawa uno si chipongwe cha mpingo ayi.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, Jeremy, Patience ndi Maziko, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Tikuthokoza ansembe, amayi a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi a Habibu, anansi athu achisilamu, amene anathamanga ndi galimoto ngakhale zinali zitatha kale. Tithokozenso anyamata amene munali kale pamakwerero a nsanja usiku, n'kutsika amayi atakutumizirani mawu.

Bambo Kamzati, usani mumtendere. Lamulo lanu talisunga, ngakhale pa inu nomwe.